Chala cha Girisi

Fungo la girisi wa njinga likasakanikirana ndi mame a m'mamawa, ine ndimabwerera ku chisanu cha chaka chimene ndinali mu Sitandade 4, pamene abambo anga ananditenga pa ulendo wozungulira mapiri a Ntchisi mpaka kutsikira kunyanja. Ulendo umenewo anthu a kwathu, kufupi ndi Kasakula, akhala akuukamba molakwika kwa zaka zoposa makumi asanu. Iwo amati a Filimoni, mkamwini wochokera ku Bowe, anasiya banja napita kukasangalala ndi mkazi wina wa kunyanja, ndipo kuti pobwerako ananyamula khanda lawo iwo thupi lili lotentha, khandalo n'kutupa, n'kufa ndi tsempho. Amene ankaikometsera nkhaniyi kuposa onse anali Lameki, mwana wa amayi anga aang'ono, ngakhale kuti m'chisanu chimenecho iye anali asanabadwe n'komwe. Ine ndinali pa keliyala ya njingayo kuyambira tsiku loyamba kufikira lomaliza. Tsono ndiikamba mwadongosolo, monga ndakhala ndikuikonzera pa maliro ndi pa maukwati, anthu n'kumanong'onezana kuti sukulu inandipatsa makani.

Choyamba chimene amalakwitsa ndi ichi: mlongo wanga Esinati anatupa ife tisananyamuke. Anali atangosiya kuyamwa. Mapazi ake anafufuma, moti ukadinikiza chala pankatsala kadzenje kosafuna kutsekeka. Tsitsi lake linafiira ngati ndevu za chimanga, ndipo kulira kwake kunasanduka kadandaulo ka pansipansi kamene kankamveka tsiku lonse kuchokera pa mkeka wa pakhonde. Abambo anali mmisiri wa matabwa ndiponso mkulu wa mpingo, ndipo maganizo awo anali amodzi okha: mwana apite kuchipatala cha mishoni. Koma kwathu mwamuna amabwera kudzakwatira, ana ndi a kuchikazi. Mawu omaliza pa mwana aliyense wa m'banja lathu anali a mwinimbumba, amalume anga a Zakeyu, amene anali atachoka pamudzi zaka ziwiri m'mbuyomo atanyamula nyundo ndi sizasi yodulira malata, n'kumayendayenda kukhoma ndowa.

Agogo anga aNabanda, amene anabereka amayi, sanali munthu wankhanza, ndipo pamenepanso ndimawakonza amene amayesa kuti ndinkadana nawo. Anali ndi mantha. Chaka cham'mbuyo mwake, mwana woyamba wa amayi aang'ono anatengedwa ndi bambo wake kupita kuchipatala popanda kufunsa aliyense, ndipo anabwerako atakulungidwa mu mphasa. Popeza mpongozi ndi mkamwini sayang'anana kumaso, tsiku lokamba za Esinati agogo anaima kuseri kwa nkhokwe, abambo ali chiimire pabwalo, amayi atagwada pakati pawo.

"Uwauze amuna ako," agogo anatero akuyang'ana nsungwi za nkhokwe, "kuti mwanayu satuluka pano popanda mawu a Zakeyu. Wina uja anamuona m'mene anabwerera."

Abambo anamva okha mawu onsewo, komabe anadikira kuti amayi awabwereze. Kenaka anati, "Auzeni amayi kuti alamu ndikawapeza."

Madzulo a tsikulo anandiuza kuti ndipita nawo. Amayi anadandaula za sukulu, koma abambo anangoti nditenge kope ndi pensulo. Mtima wanga unadzaza ndi kunyada. Ndinali woyamba m'kalasi mwathu, ndipo ndinkaona kuti pa ulendo waukulu chotero pankafunikadi munthu wophunzira.

Tinanyamuka chifunga chisanachoke. Pa keliyala anapindapo chiguduli choti ndikhalire, ndipo anamangirira bulangete limodzi, pampu, kachitini ka girisi, tchubu yakale yodulapo zigamba, ndi kansalu kokulungamo mbatata yophika. Milomo yanga inang'ambika tsiku loyamba lomwelo, ndipo zala za kumapazi sindinkazimva mpaka dzuwa litakwera. Amene amati unali ulendo wosangalala sanakankhepo njinga m'zitunda zimenezo. Tinkapalasa pang'ono, kutsika, kukankha, abambo kutsogolo, ine kumbuyo nditatsamira keliyala ndi chifuwa. Midzi inali pamisana ya mapiri, nyumba zitathithikana, utsi ukutuluka m'madenga a udzu ngati nyumbazo zikupuma. Anthu anali atamaliza kukolola, ndipo paliponse pankamveka fungo la mapesi, la lupsa, ndi la fodya wotsalira m'zigafa.

Munthu woyendayenda ngati amalume sasiya keyala. Koma abambo, pokhala mmisiri, ankadziwa kuti mmisiri mnzawo amasiya dzanja lake pa ntchito. Amalume akakhoma kunsi kwa ndowa ankapinda mkombero kawiri, kenaka n'kudinda timadontho titatu ndi msomali. Choncho m'mudzi uliwonse tinkayambira kuchitsime. Abambo ankavula chipewa, kupereka moni kwa amayi otunga madzi, n'kupempha mwaulemu kuti aone kunsi kwa ndowa zawo. Ena ankaseka, ena ankatiyesa amisala, ndipo mayi wina anafunsa ngati tsopano ndowa nazo zayamba kukhoma msonkho. Tikapeza madontho atatu pa lata la dzimbiri, tinkadziwa kuti amalume anadutsa kalekale. Lata likakhala lonyezimira, abambo ankapalasa mwamphamvu mpaka tcheni kulira.

Tinkagona kwa akulu a mpingo, pena pakhonde, pena m'khitchini pafupi ndi phulusa lofunda. Apa ndikufuna kuti owerenga amvetsetse, pakuti mlandu wonse wagona pamenepa: bulangete linali limodzi. Masiku onse khumi ndi limodzi a ulendowo ndinagona msana wanga utagundana ndi msana wa abambo, ndipo akangotembenuka ndinkadzidzimuka ndi mphepo yolowa. M'mwezi wa Juni munthu sangachoke m'bulangete lotero mnzake osadziwa.

Tsiku lachitatu tinafika pa Malomo. Panali fumbi, ngolo za ng'ombe, ndi fungo la zitumbuwa zokazinga limene linandizunza m'mimba. Mwini golosale wina anatiuza kuti wokhoma ndowa uja anakhaladi pakhonde pake miyezi ingapo, koma anakwera lole n'kutsikira ku Nkhotakota, kumene asodzi amafuna nyali ndi zidebe chaka chonse. Abambo anaima nthawi yaitali pamphambano, akuyang'ana msewu wobwerera kwathu, kenaka wotsikira kunyanja. Ine ndinkadziwa chimene ankawerengera: masiku a Esinati. Anandigulira chitumbuwa chimodzi, iwo osadya kanthu, nati, "Tikabwerera chimanjamanja, mwana uja satuluka. Kwera."

Msewu wa kunyanja unkadutsa m'nkhalango ya nyama. Tinadikira pamalire mpaka apanjinga ena anayi atafika, popeza palibe amene ankalowamo yekha. M'katimo munali zii, kupatula mawilo athu ndi kashembe amene ankatiluma kupyola malaya. Pamalo ena tinapeza ndowe za njovu zikufuka nthunzi pakati pa msewu, ndipo amuna onse anapalasa mofulumira. Chitunda chachikulu chitayamba kutsetsereka, mabuleki athu anayamba kununkha. Abambo anadula nthambi ya mtengo wa tsamba n'kuimangirira kumbuyo kwa njinga kuti izikhwekhwereza pansi, ndipo tinatsika choncho, fumbi likutitsatira ngati mchira. Tayala linaphulika kawiri. Kachiwiriko abambo anamata chigamba akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, koma anaisiyira pakati.

Nyanja ndinaiona koyamba masana, ndipo inandikhumudwitsa. Pa mapu a pakhoma la kalasi yathu inali yobiriwira bwino, koma imene inali patsogolo pangayo inali yotuwa ngati phulusa, yokwiya, mwera ukuponya mafunde pamchenga mosalekeza. Mabwato onse anali atakokeredwa kumtunda, asodzi atakhala m'magulu akusoka maukonde. Mpweya unali wofunda kuposa wa kwathu, wodzaza ndi fungo la usipa wouma ndi la chinangwa choviika. Ndinamva kuitana kwa kumzikiti koyamba m'moyo wanga, ndipo ndinagwira malaya a abambo poona amuna ovala mikanjo yoyera ndi tizisoti akudutsa mwakachetechete.

Ndowa za madontho atatu zinali paliponse m'tauni imeneyo, koma mwini wake kunalibe. Tinataya masiku awiri tikuzungulira pansi pa mitengo ikuluikulu ya mango, kufunsa za Zakeyu, anthu n'kumapukusa mitu. Pomaliza mkulu wina wogulitsa nyali anatembenuza imodzi n'kutionetsa madonthowo. "Zakeyu sindikumudziwa," anatero. "Izi amakhoma Saidi, wa kumapiri uja. Anasamukira cha ku Benga, kwa mkazi wake." Abambo anathokoza, anavala chipewa, ndipo tinatuluka m'tauni.

Tinatsata nyanja kulowera kummwera. Mawilo ankatitimira mumchenga, mphepo ikutikankha kumaso, ndipo pamtsinje wina tinawoloka pa bwato, njinga itagonekedwa pamiyendo yathu. Tinadutsa madimba a mpunga omweta kale, mbalame zikutola zotsalira, ndi timisika tating'ono ta nsomba momwe ntchentche zinkachuluka kuposa ogula. Tsiku lachisanu ndi chinayi, dzuwa lili pamutu, tinamva nyundo ikugunda lata tisanaone munthu. Abambo anaimitsa njinga namvetsera. Kugundako kunali kuwiri kofulumira, kumodzi kochedwa. "Ndi iwowo," anatero.

Amalume anali pansi pa mtengo wa mango, ndowa ili pakati pa mawondo, kachisoti koyera kali kumutu. Atationa anavula kachisotiko msangamsanga, anakayang'ana, n'kukavalanso. "Alamu!" anafuula akuseka mokakamiza. "Mwabwera kudzandimanga? Ndi mphunzitsi wamkuluyu mwamutenga kuti alembe mlandu?" Anandigwira mutu n'kuugwedeza monga ankachitira kale. M'nyumba munatuluka mayi wachitsikana, khanda lili kumsana, nagwada patali n'kutipatsa moni. Anatiphikira mpunga ndi nsomba, ndipo ndiyenera kuvomera kuti sindinadyeponso chakudya chokoma chotero, ngakhale ndinkachita manyazi kuti ndikukhuta Esinati ali pa mkeka.

Abambo anafotokoza zonse mosazungulira. Amalume anamvetsera, nkhope itagwa. "Nanga mukudikira chiyani, inu? Mutengereni kuchipatala mwanayo."

"Amayi akufuna mawu anu, alamu. Anga sakwanira."

Abambo ankawerenga bwino zilembo zodinda, koma kulemba kunkawavuta, ndipo amalume sankadziwa n'komwe. Nthawi yanga inali itakwana. Ndinang'amba pepala m'kope langa la masamu, ndinanola pensulo ndi mpeni wa amalume, n'kulemba mosamala zimene abambo ankanena: "Ine Zakeyu, mwinimbumba, ndavomera kuti Esinati, mwana wa mlongo wanga, apite kuchipatala. Ndanena izi ku Benga pamaso pa alamu anga a Filimoni ndi mphwanga Gideoni." Inki panalibe, choncho abambo anatsegula kachitini ka girisi. Amalume anaviikamo chala chachikulu n'kudinda pansi pa mawuwo.

Kenaka anachita chinthu chimene ndakhala ndikuchiona m'maso mwanga moyo wanga wonse. Anatenga pepalalo, analiuzira kuti liume, analipinda kanayi, n'kulilowetsa m'kachisoti kawo. Anati agogo sawerenga, ndipo adzanena kuti mkamwini walemba yekha. Anati mawu a mwinimbumba amamveka pakamwa, choncho titsogole, iwo amalize ndowa za anthu ndipo atitsatira mkuja. Abambo anatambasula dzanja kuti alandire pepalalo, koma analibweza, pakuti mkamwini salanda chinthu m'manja mwa mwinimbumba. Amalume anatsitsa mawu napempha chinthu chimodzi: za mkaziyo, za dzina latsopano ndi za kachisoti, abambo asakanene. "Ndikawauza ndekha amayi. Akakamva kwa inu, akagwa nazo." Abambo analonjeza.

Tikumanga katundu, mayi uja anaitana abambo kuseri kwa nyumba. Ndinawaona ali chiimire motalikirana, iye akulankhula atayang'ana pansi. Pambuyo pake abambo anandiuza kuti mayiyo ankafunsa za apongozi ake amene anali asanawaonepo, ngati angamulandire. Anawapatsanso kathumba ka mpunga ndi usipa wouma, nati akasinje usipawo n'kumathira m'phala la mwana, chifukwa kwawoko ana otupa chotero amawatero.

Chowawa n'chakuti kuchokera ku Benga kufika kwathu, kudzera ku Mwansambo, ndi masiku awiri okha. Tinazungulira dziko lonse kufuna munthu amene anali m'munsi mwa phiri lathu lomwe. Njira yokwera inali ya miyala, ndipo m'malo ena abambo ankasenza njinga paphewa, ine nditanyamula bulangete ndi kathumba. Tikamakwera, chisanu chinkabwerera pang'onopang'ono, choyamba m'makutu, kenaka m'zala. Titapuma pamwala wina, nyanja ikuoneka kutali ngati lata logonekedwa, abambo anati, "Gideoni, za mayi uja ndi chisoti chija si zathu. Wamva?" Ndinayankha kuti ndamva.

Tinapeza Esinati khungu litayamba kusupuka m'miyendo. Abambo anasamba m'manja, anamunyamula, namufungatira m'jekete lawo, agogo akuonerera chapatali. Kudzera mwa amayi, anawauza kuti alamu apezeka, avomera, ndipo afika mkuja. Agogo anati adikira mwana wawo. Mkuja unafika, unapita. Ine ndinkakhala pachulu cha kumapeto kwa mudzi tsiku lonse, kuyang'ana njira ya ku Mwansambo, munthu aliyense wotulukira m'chifunga ndikumuyesa amalume. M'mawa wa tsiku lachisanu abambo anatulutsa njinga nanena mokweza, osadzeranso mwa munthu, kuti mwana akupita kuchipatala, wofuna kuwathamangitsa adzawathamangitse pobwera. Ine ndinagwada kugwirizira kapaipi ka pampu, iwo akupopa. Amayi anatuluka m'nyumba, anaima pakhomo, manja ali lende.

"Siyani kupopa," anatero.

Patapita masiku atatu chiikireni maliro a Esinati, agogo anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundipatsa mtedza wokazinga. Kathumba kaja kanali pamiyendo pawo, kosamasula. Anandifunsa mofatsa kuti mpungawo unachokera kwa yani. Ndinati kwa mayi wina. Anafunsa ngati anali wachitsikana, ndinavomera. Anafunsa ngati analankhulana ndi abambo, ndinati inde, kuseri kwa nyumba. Anafunsa kuti mayiyo anali ndani. Pamenepo ndinatseka pakamwa, ndikukumbukira mwala uja, ndipo ndinadziona ngati munthu wamkulu: sindinaname, komanso sindinaphwanye lonjezo. Agogo anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaimirira, anapita kudzala, n'kukhuthula mpunga ndi usipa zonse, nkhuku n'kuthamangirako. Pofika madzulo mudzi wonse unali utadziwa chimene chinapha Esinati.

Amalume anafika patatha mwezi, mutu uli pamtunda, opanda kachisoti. Analira kumanda mpaka anthu anachita kuwadzutsa. Akuluakulu a banja atasonkhana, anawafunsa ngati anakumanadi ndi alamu awo kunyanja. Amalume anayang'ana agogo, anayang'ana pansi, nati iwo chaka chonsecho anali ku Kasungu, ndipo za matenda a mwana angozimva kumene. Ine ndinalumpha pakati pa bwalo, mwana wosayenera n'kukhalapo komwe, n'kukhuthula zonse: Benga, mtengo wa mango, Saidi, khanda la kumsana, pepala la m'kachisoti. Wina anafunsa kuti pepalalo lili kuti. Ndinalibe. Wina anafunsa chifukwa chake sindinanene zimenezi tsiku lija kuseri kwa nkhokwe. Amalume anapukusa mutu mwachisoni nati, "Musamukalipire. Mwana aliyense amakonda bambo ake."

Abambo ananena mawu ochepa. "Alamu, tinakumana. Inu mukudziwa, ndipo Mulungu akudziwa." Za mkazi ndi kachisoti sanatchule ngakhale pamenepo, chinkana kuti ine ndinali nditaziulula kale. Akutchalitchi anawaimitsa pa ukulu wa mpingo, ndipo mvula isanagwe akuchikazi anawasonkhanitsira macheka, nyundo ndi zopalira matabwa n'kuziika pakhomo. Anazimanga pa keliyala imene ndinkakhalapo ija, nabwerera kwawo ku Bowe. Amayi anawaperekeza ndi maso okha. Amalume nawo sanakhalitse. Anachokanso, ndipo sanabwererenso mpaka tinadzangomva kuti anamwalira.

Abambo anandiphunzitsa mpaka ku sekondale ndi zitseko ndi mipando imene ankakhoma ku Bowe. Sanakwatirenso. Nthawi iliyonse ndikayamba nkhaniyi ankandidula n'kundifunsa za mayeso. Anamwalira dzina loipa lija lili pa iwo, ndipo agogo ndi amayi anawatsatira. Ine ndinatsala ndi nkhani yoona yopanda umboni, ndipo ndinaikamba kwa aliyense, wofuna ndi wosafuna, mpaka ana a m'mudzi ankati ndikamafika, "Abwera a Benga."

Chisanu chathachi tinasonkhana kumanga chiliza pamanda a amayi. Kunali chifunga ngati cha m'mawa uja. Lameki, amene tsopano ndi wa imvi ngati ine, anali atatsamira fosholo, akufotokozera anyamata osakaniza simenti chifukwa chake kamanda kakang'ono ka Esinati ka pambalipo kalibe manda a bambo wake pafupi. Ndinali nditatsegula kale pakamwa pamene njinga ya kabaza inaima pamsewu, n'kutsikapo mayi wachikulire wovala mpango wautali. Anapereka moni mwaulemu, nafunsa ngati pamudzipo pali munthu wotchedwa Gideoni. Anati dzina lake ndi Asiyatu, wa ku Benga, mwana wa malemu a Saidi. Anali khanda lija la kumsana.

Amayi ake anali atamwalira miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo asanatsirizike anamupatsa kabokosi ka lata kuti akapereke kumapiri. Ndisanakatsegule ndinakatembenuza. Kunsi kwake kunali timadontho titatu. M'katimo munali pepala lopindidwa kanayi, lofiirira, lofewa ngati nsalu. Asiyatu anati amayi ake analipeza m'kachisoti, ndipo anawadandaulira amuna awo masiku ambiri kuti anyamuke, koma iwo ankangoti mawa, chifukwa cha mantha okaima pamaso pa amayi awo. Uthenga wa maliro utawapeza, manthawo anasanduka manyazi. Anafuna kulitentha pepalalo, mkaziyo n'kulibisa.

Sindinaliwerenge ndekha. Ndinalipereka kwa Lameki n'kumuuza kuti avale magalasi ake. Anawerenga mokweza, mawu amodziamodzi, anyamata atasiya mafosholo. Pensulo inali itafufutika pang'ono koma inkawerengeka, ndipo pansi pake chala cha girisi chinali chikadalipo, mizere yake yonse ikuoneka. Anatembenuza pepalalo napeza masamu ogawa, ndi chichongi chofiira cha aphunzitsi anga. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Ndiye kuti, achimwene, munkanena zoona," anatero.

Kwa zaka makumi asanu ndinali nditakonza zoti ndidzanene pa tsiku limeneli, ndipo zinali zazitali ndi zosanjidwa bwino. Koma ndikanauza ndani? Onse amene ankayenera kumva anali pansi pa mapazi athu, ndipo mwini dzina anali kutali ku Bowe, pansi pa mtanda wa matabwa umene ndinakhoma ndekha mokhotakhota.

Ndili mwana ndinkayesa kuti abambo ananditenga chifukwa ndinali woyamba m'kalasi. Ndili chiimire pamandapo ndinazindikira kuti kalata akanatha kulembetsa kwa mphunzitsi aliyense wa m'njira. Iwo ankadziwa chimene anthu amanena za mkamwini amene wagona kunja mwana akudwala, ndipo ananditenga kuti ndikhale mboni yawo, m'bulangete limodzi. Mboniyo inayankha zoona zokhazokha kuseri kwa nkhokwe, mtedza uli m'manja, ndipo zoonazo n'zimene zinawachotsa pamudzi.

Tikuperekeza Asiyatu kumsewu, anaima natembenuka. "Asuweni, pali chimodzi chimene amayi ankafunsa mpaka kumapeto. Ankati, kodi mwana uja analawako phala la usipa lija?"

Ndinaona nkhuku zikuthamangira kudzala. Ndinayang'ana nkhope yake, imene inali ya mayi uja wogwada patali.

"Analawa, asuweni," ndinatero. "Analikonda kwambiri."